Yayi Amakhala Kumapeto

Khutu langa lakumanzere linafera m'munda wa mpunga ku Chifunda, ndipo kuntchito sindinauze munthu. Tinkathamangitsa njovu zimene zinalowa m'minda ya anthu. Mnzanga wina, sikauti wa zanyama ngati ine, anaombera mfuti m'mwamba kamwa ya mfutiyo ili pafupi ndi tsaya langa. Sabata yathunthu m'mutu mwanga munkalira nkhululu. Nkhululu itasiya, khutu nalo linasiya ntchito. Ndinkati ndikagonera kumanja, ngakhale tambala alire pazenera, ine ndili phee.

Kwathu ndi ku Katete. Kuno ku chigwa cha Luangwa inandibweretsa ndi ntchito, ndipo ndinakwatira konkuno, mkazi wa Chisenga. Chisenga ndinachiphunzira mopunthwa. Tsiku limene ndinamufunsira mbeta anandiyankha kuti, "Nkhukhumba," kutanthauza kuti ndikufuna. Ine mano onse panja, ndayamba kale kuthokoza. Iye anandiyang'ana n'kumaliza kuti, "yayi." Ala! Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Anadzandilola ndithu patapita miyezi, koma sanasiye kundiseka. Ankati, "Inu a Chinyanja mumakana poyambirira, mumati sindifuna, sindimva. Kwathu kuno muzidikira munthu amalize, chifukwa yayi amakhala kumapeto."

Mchimwene wake wamkulu, alamu anga, nawonso anali sikauti. Anali munthu wosachedwa kuseka, wodziwa kuwerenga mapazi a nyama kuposa tonsefe. Akati njovu yadutsa pano m'mawa, simunkatsutsa.

Kenako kunabwera kandege ka mipando inayi kothandiza kulondera nyama. Woyendetsa wake anali mayi wa ku Kitwe, wamfupi, wosakonda nthabwala injini ikalira. Tonse tinkangowatchula kuti a Kaputeni. Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, Chisenga sankachidziwa n'komwe. Ankafuna sikauti mmodzi wokhala pambali pawo, wodziwa tchire, wamaso akuthwa, wosasanza m'mwamba. Ntchito yake inali kuona zapansi ndi kulankhula ndi anzathu oyenda pansi kudzera pa ovaova, wailesi yam'manja ija. Anasankha ine.

Ndinene zoona, ndinakondwa chifukwa ndinali nditatopa ndi mantha. Ndayenda pansi zaka zambiri, ndaona ndi maso anga chimene njovu imasiya ikathana ndi munthu. Maondo anali atayamba kulira, ndipo ndi khutu limodzi m'tchire sudziwa kumene nthambi yathyokera. Ndinkadziwa kuti akangodziwa za khutulo anditsitsa m'ndege, chifukwa munthu wa pamwamba amanyamula mawu a anthu apansi. Ndiye ndinatseka pakamwa.

M'kandege kameneka muli phokoso loti simungamve mnzanu ngakhale akukuwireni m'khutu. Chili ngati chigayo cha dizilo, inu mutalowetsa mutu m'kati mwake. Popanda hedifoni palibe kulankhulana. Hedifoni ya ndege ili ndi zikho ziwiri zovindikira makutu, kamaiki kofika pamilomo, ndi chingwe cha mapulagi awiri. Zinalipo zitatu. Ina mwa izo inali yakale, yobiriwira, yolemera, yofinya mutu. Mapilo ake anali atang'ambika n'kumatidwa ndi tepi yakuda, kasiponji ka pamaiki kanatayika kalekale, ndipo mbali yake yakumanzere inali yakufa. Palibe amene ankaifuna. Ine nditangoivala ndinadziwa kuti ndapeza mnzanga.

Mwaona nzeru zake? Ndikaphonya mawu, ndinkangogogoda chikho chakumanzere n'kunena kuti, "Ndi chihedifoni ichi, a Kaputeni, bwerezani." Iwo ankabwereza. Chaka chonse mlandu wa khutu langa unkagwera hedifoni yobiriwira, ndipo iyo sinkadandaula.

Mkazi wanga yekha ndiye ankadziwa. Tsiku lina akupeta mpunga pakhonde anandiuza kuti, "Bambo a ana, mukubisa matenda. Pansi paja pamayenda anthu a eni."

Ndinapsa mtima. "Iwe unakwerapo ndege? Maso anga ndiwo amagwira ntchito kumwamba kuja, osati makutu."

Anangopitiriza kupeta, ndipo ine ndinachoka ndikung'ung'udza ngati ndapambana.

Mwezi wa Seputembala a Kaputeni anabwera kuchokera ku Lusaka ndi katoni. Anaiika pa mgolo wa mafuta, pamthunzi wa phiko, n'kundiitana.

"Amdala, lero musankhe hedifoni yanu. Yobiriwira ija yakalamba."

Munali ziwiri. Ina inali ya timapulagi tolowetsa m'kati mwa khutu, yopepuka ngati udzu. Imeneyo ndinaikana msanga, ndinati thukuta la kuno lingaiterereze, ndipo anavomera. Inayo inali yakuda, yamapilo ofewa, ili ndi kabokosi ka mabatire pachingwe. Anandiveka okha. Anandionetsa kuti mapilo azigwira khungu mozungulira khutu lonse, kuti mwendo wa magalasi anga usasiye mpata, ndi kuti maiki izikhala pafupi moti nditatulutsa milomo ndiipsompsone. Anati hedifoni siyesedwa pansi pa mtengo, imayesedwa injini ikulira. Tinakwera, analiza injini, chigayo chija chinayamba.

"Manje dinani kabatani ka pabokosi."

Ndinadina. Mayo ine! Phokoso lonse linapita kutali, ngati wina watseka chitseko. Pulopela ikuzungulira patsogolo panga, mpando ukunjenjemera, koma m'mutu muli bata. Ndinamva a Kaputeni akupuma. Ndinawamva akumeza malovu. Chichokereni tsiku la mfuti lija ndinali ndisanamvepo mawu a munthu bwinobwino chotero, ndipo misozi inalengeza. Ndinaifuna hedifoni imeneyo ndi mtima wanga wonse.

"Bwanji?" anafunsa.

"Ndi ufiti uwu, a Kaputeni."

Anaseka pang'ono. "Ili ndi kokwezera mawu kuwiri, khutu lililonse kwake. Tsitsani kwa kumanja mpaka kuthe, tiyese kumanzere kokha. Ndiwerenga manambala, inu muzibwereza."

Ndinaona milomo yawo ikukonzeka kuwerenga. Ndinadziona ndikutsika m'ndege, ndikunyamulanso chikwama ndi mfuti, ndikulowa m'tchire la mitsanya ndi khutu limodzi. Ndinaivula msangamsanga n'kugwira pamimba.

Atazimitsa injini ndinati, "Iyayi, imeneyi ikundichititsa nseru. Ikukoka m'makutu ngati ndamira m'madzi."

"Ena amamva choncho tsiku loyamba. Zimatha."

"Ine ndauluka ndi yobiriwira chaka chathunthu, ndinakutayitsanipo njira? Zachizungu zamabatirezi zidzatithera tili kumwamba."

"Mabatire akatha imagwirabe ntchito, amdala. Ndipo maiki ya yobiriwira ija imatola phokoso, anzanu apansi amadandaula."

"Adandaule! Ovaova zawo ndizo zakutha."

Ndinkakweza mawu ngati munthu wolakwiridwa. A Kaputeni anakulunga chingwe, anaika hedifoni yakudayo m'kachikwama kake, n'kuilowetsa m'thumba la kumbuyo kwa mpando wanga. Anati, "Ili pamenepa mukadzaifuna." Iwo anavala inzake yofanana nayo imene anadzigulira.

Panapita masabata atatu. Unali Okutobala, mwezi umene kuno ngakhale mbuzi zimasowa pobisala. Uthenga unabwera m'mawa kuti njati yamphongo, yokhala yokha, yakodwa ndi waya wa opha nyama mozemba, yadula wayayo ndipo ikuyenda nawo kumwendo. Dzulo lake inali itathamangitsa amayi otunga madzi kumtsinje wouma, kumene anthu amafukula mchenga. Njati yovulala sithawa munthu, imamusaka. Asikauti anayi anatumidwa kukaitsata, ndipo wotsogolera anali alamu anga. Ife tinanyamuka kuti tikaione kuchokera kumwamba, tiwauze pamene ili.

Tinawapeza msanga. Zipewa zinayi pamzere, zikuyenda m'mphepete mwa mtsinje woumawo, alamu patsogolo atawerama kuyang'ana mapazi. Tinapitirira, tinazungulira kawiri, osaona kanthu. Ulendo wachitatu ndinaona chinthu chakuda m'bango, pansi pa mtengo wa msikizi. Inali itachita zimene njati yovulala imachita. Inapita patsogolo, n'kukhota, n'kubwerera kudzabisala pambali pa mapazi ake omwe. Inaima chete, mutu uli kumene anthu akuchokera. Wotsata mapazi akanaidutsa pafupi kwambiri, maso ali pansi.

Ndinadina batani la ovaova. "Alamu, alamu, imani pomwepo! Ili m'bango, kudzanja lanu lamanzere, pa msikizi. Yabwerera, ikukudikirani. Imani!"

M'khutu langa lamoyo munalowa phokoso la injini lodutsa m'mapilo ong'ambika aja, ndi kukhwekhwereza kwa wailesi, ndipo pakati pake ndinatola mawu a alamu: "Tikupulika."

Kupulika m'Chisenga ndi kumva. Tikumva. Mtima unakhala pansi. Ndinakwezera a Kaputeni chala chachikulu, iwo anayamba kukweza ndege kuti phokoso lathu lisaidzidzimutse nyamayo.

Koma zipewa zija sizinaime. Ndinati mwina akufuna pamalo poonekera bwino. Alamu amadziwa ntchito yawo, ndani ine kuti ndiwaphunzitse? M'khutu munkamveka timawu todukaduka, ine n'kumati akuuzana okhaokha mmene aizingire. Ndinkayang'ana, iwo akuyendabe, mzere womwewo, alamu atawerama chimodzimodzi.

Pamenepo a Kaputeni anandigunda ndi chigongono. Anachita kukuwa kuti ndimve.

"Amdala, kodi Yayi ndi ndani? Akungoitana Yayi, Yayi, Yayi."

Sindidziwa ngati ndingathe kufotokoza. Iwo ndi hedifoni yawo yakuda anamva liwu lililonse koma sankadziwa tanthauzo lake. Ine wodziwa tanthauzo sindinalimve. Tikupulika yayi. Sitikumva. Maiki yanga yopanda siponji inawatumizira chigayo chokhachokha, ndipo iwo ankapita ku msikizi uja osadziwa kanthu.

"Tsikani! Tsikani pa iwo! Sanamve!"

Sanafunse zambiri. Anapendeketsa ndege mpaka phiko linaloza pansi. Ine ndinavula chobiriwira chija n'kuchiponya kumapazi, ndinapisa dzanja kumbuyo kwa mpando, lamba akundikanikiza pachifuwa. Zipi ya kachikwama inakana. Ndinaikoka ndi mano. Mapulagi awiri aja, lina lalikulu lina laling'ono, ndinawasemphanitsa mabowo, thukuta likulowa m'maso. Ndinkangoti Mulungu wanga, Mulungu wanga, mkazi wanga, mlongo wawo, ndikamuuza chiyani. Atalowa, ndinadina kabatani kaja.

Bata lija linabwera, ndipo m'kati mwake munali mawu a alamu, oyera ngati akhala pambali panga.

"Mulamu, tikupulika yayi! Yayi! Yayi! Yowoyaniso!" Ankati ndilankhulenso.

"Kumanzere! M'bango! Pa msikizi! Thawani!"

Anamva. Ndinaona chipewa chapatsogolo chikudzuka n'kutembenukira kumanzere. Anali atafika kale pamthunzi wa msikizi. Bango linagawikana.

Ovaova ili ndi khalidwe lake: wina akagwira batani, winayo sangalankhule, amangomva. Alamu anagwa atafinya batani m'dzanja. Ndiye hedifoni yabwino ija inandipatsa zonse, osasiyako kanthu. Ndinamva kufwenthera kwa njati. Ndinamva mpweya ukutuluka m'chifuwa cha munthu. Ndinamva akuitana amayi awo, amene anamwalira kale. Ndinamva mfuti, kamodzi, kawiri, kenako kambirimbiri. Ine ndikukuwa m'maiki, palibe kumene mawu anga akupita. Pansi pankangooneka fumbi, ndipo tinalizungulira fumbilo ngati akhungubwi.

Fumbi litachepa, njati inali itagona cham'mbali. Zipewa zitatu zinawerama pamalo amodzi. Wina anatola ovaova n'kunena m'Chinyanja, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana: "Ali moyo. Yawang'amba ntchafu. Magazi ndi ambiri."

Anawanyamula pa machira a mitengo mpaka pamene galimoto inatha kufika, ndipo galimoto inawabweretsa ku bwalo lathu la ndege. Ife tinali titatera kale, titachotsa mpando wakumbuyo. Nthawi yodikira ija a Kaputeni anatola hedifoni yobiriwira pansi, anaiyang'ana, anaiika pa mgolo wa mafuta.

Tinauluka nawo kupita ku boma la Chama. Ndinagwada pambali pawo nditakoka lamba amene anawamanga pamwamba pa bala. Nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa, maso akutembenuzika. A Kaputeni anati ndisawalole kugona. Ndinawaveka hedifoni ina imene inali m'ndegemo n'kumawaitana.

"Alamu, mukupulika?"

Milomo inagwedera. "Nkhupulika."

Ndinadikira. Ndinagwira mpweya kudikira ngati kukubwera liwu lina kumapeto. Silinabwere. Ndinafunsanso patapita kanthawi, n'kudikiranso, ndipo ndinachita zimenezo njira yonse mpaka matayala anagunda pansi.

Madokotala anaupulumutsa mwendo, koma anatiuza kuti bondo silidzapindikanso. Za m'tchire zinathera pomwepo. Mkazi wanga anafika tsiku lotsatira pa lole ya mpunga. Sanandikalipire. Anandipatsa moni ngati mlendo n'kulowa kwa mchimwene wake, ndipo ine ndinatsala pakhonde la chipatala ndikuopa chitseko. Anthu ankandigwira dzanja, ati mwachita bwino, mukanapanda kukuwa bwenzi tikunena zina. Aliyense wonena zimenezo ankandiwonjezera katundu.

Tsiku lachitatu masana ndinalowa. Anali atatsamira pilo, mwendo uli m'mabandeji mpaka m'chiuno. Ndinakhala pampando umene unali pafupi ndi bedi. Mawu ndinali nditawakonza pakhonde, koma atandiyang'ana anabalalika onse.

"Alamu, ine ndili ndi mlandu kwa inu. Tsiku lija sindinamve. Si wailesi. Hedifoni yabwino inalipo, ndinaikana ndekha, chifukwa..."

Ananena kanthu. Mawu awo anali ofooka, ndipo mmene ndinakhaliramo anali kumanzere kwanga. Ndinangoona milomo. Anakweza dzanja n'kulizunguza m'mwamba, kundilozera mbali ina ya bedi.

Ndinanyamula mpando, ndinazungulira, ndinakhala pansi.

"Eya," anatero. "Manje ndilankhule ku khutu lamoyo."

Ndinawafunsa kuti za khutuli anazidziwa bwanji.

"Mlongo wanga anandiuza chaka chatha. Anati ndikutsineni khutu, mwina ine mungandimvere. Ine ndinati musiyeni, mwamuna yekha adzanena, tisamuchititse manyazi." Anapuma kaye, ululu utawagwira. "Ndiye chifukwa chake ndinakuwa yayi katatu, mulamu. Ndinati pa atatuwo, mmodzi yekha alowa."

Ndinalira pamaso pa odwala onse a m'chipindamo, bambo wa ana anayi, yunifolomu ili m'thupi. Iwo sananditonthoze ndipo sananditukwane. Anangotembenukira kukhoma n'kunena kuti ndiwaitanire mlongo wawo.

M'mawa mwake ndinakauza a Kaputeni ndi akuluakulu a kuntchito. Sindinakwerenso ndege. Pansi sanandibwezere, anati khutu limodzi m'tchire ndi ngozi kwa anzanga, zimene ndinkazidziwa kuyambira kale. Anandiika kosungira katundu, kumene ndimagawa nsapato ndi mahema. Hedifoni yakuda ija amavala mnzathu wina wa ku Tembwe, wa makutu awiri, ndipo ndimamuuza kuti asamanyamuke wopanda mabatire apadera m'thumba.

Alamu manje amalima mpunga, mwendo uli chiwongokere. Amabwera kwathu Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Akandipeza pakhonde, mpando wopanda munthu uli kumanzere kwanga, amaukoka ndi dzanja limodzi, ndodo ili kudzanja linalo, n'kuyamba kundizungulira pang'onopang'ono, mwendo woumawo ukukhweka pa simenti. Ine ndimadzuka msanga kuti ndisinthe malo, asavutike.

"Yayi, mulamu, khalani," amatero.

Ndimakhala pansi, n'kumamvera mwendowo ukukhweka mpaka afike kumanja kwanga.